Paketi ikakula kuposa njira yake

Pali vuto lina la intaneti limene limapusitsa anthu ambiri kuno kum'mawa kwa Zambia, ndipo limandiwawa chifukwa limawonongetsa ndalama za anthu pachabe. Netiweki imaoneka kuti ilipo. Nyali za pa rauta zikuyaka bwinobwino, uthenga waufupi ukupita, tsamba lolowera mu sisitimu likutseguka, dzina ndi pasiwedi zikulandiridwa. Koma mukangoti mutsegule lipoti lalikulu, kapena mukoke fayilo yochokera ku likulu ku Lusaka, kagudumu kaja kamangozungulira mpaka mutatopa. Palibe uthenga wonena kuti chalakwika n'chakuti. Ndiye munthu amaganiza zimene aliyense angaganize: bandulo yatha, tawa ya pafupi yafooka, kampani ikutibera. Amagula bandulo ina. Ena amasintha kampani, ena amagula rauta yatsopano, vuto lili pompo.

Ine ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza marauta m'maofesi ang'onoang'ono, m'malo ogona alendo ndi m'madepoti ogula mbewu, kuyambira muno m'Chipata mpaka Katete, Petauke, Lundazi ndi Mfuwe. Vuto ndikunenali ndakumana nalo kambirimbiri, ndipo kawirikawiri gwero lake silikhala kufooka kwa netiweki. Limakhala kukula kwa paketi, ndi zimene zimachitika paketiyo ikafika pa rauta imene singathe kuidutsitsa yathunthu. Nkhaniyi si yovuta kuimvetsa, ndipo munthu akaimvetsa sangagulenso bandulo yachiwiri pa vuto limene mankhwala ake ndi mzere umodzi wolembedwa mu rauta.

Chilichonse chimene timatumiza pa intaneti, kaya chithunzi cha pa ukwati, kaya lisiti la malipiro, sichipita chathunthu. Kompyuta kapena foni imachigawa m'mapaketi, ndipo paketi iliyonse imakhala ndi header kutsogolo kwake, yolembedwa adiresi ya kumene yachokera ndi kumene ikupita. Rauta imawerenga adiresiyo n'kuiponya paketiyo ku njira yotsatira, basi. Koma njira iliyonse ili ndi malire a kukula kwa paketi imene ingadutsemo. Malirewo amatchedwa MTU. Pa Ethernet, waya wamba uja wopezeka mu ofesi iliyonse, MTU ndi ma byte 1,500 (byte ndi muyeso wa kukula kwa uthenga, pafupifupi chilembo chimodzi). Nambala imeneyi inazika mizu kwambiri moti makompyuta ndi maseva ambiri amangoyamba ndi kuganiza kuti njira yonse ndi ya 1,500. Pa ma byte amenewa, 20 amapita ku header ya IP, dongosolo loyendetsa mapaketi ndi maadiresi, ena 20 ku header ya TCP, imene imaonetsetsa kuti katundu yense wafika, ndipo otsala 1,460 ndiwo katundu weniweni.

Zinthu zimavuta paketi ya 1,500 ikafika pa rauta imene njira yake yotulukira ndi yocheperapo. Rautayo ingachite zinthu ziwiri zokha. Ingathe kuidula paketiyo kukhala zidutswa zokwana m'njiramo, kapena kuitaya n'kutumiza uthenga kwa mwini wake kuti achepetse.

Kudula ndiye njira yakale. Kunalembedwa mu RFC 791, chikalata cha malamulo a intaneti cha mu September 1981 chimene anakonza Jon Postel, chomwe mpaka lero ndicho maziko a IPv4, mtundu wakale wa IP umene ukugwirabe ntchito. Nthawi imeneyo ntchito yaikulu inali yolumikiza ma netiweki osiyanasiyana amene sankadziwana: ena oyenda pa waya wa telefoni, ena pa wailesi, ena pa satelayiti, aliyense ndi malire ake. Wotumiza sakanadziwa zimene zili kutsogolo, choncho anapatsa marauta a panjira mphamvu yodula. Chikalatacho chinalamula kuti njira iliyonse izitha kunyamula ma byte 68 osadula, ndiponso kuti kompyuta iliyonse izitha kulandira paketi ya ma byte 576, kaya yabwera yathunthu kaya m'zidutswa. Ine ndimaona kuti pa nthawi yake anaganiza bwino. Zambia italowa pa intaneti mu 1994 kudzera ku ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, inalowa m'dongosolo lomwelo, ndipo magawo atatu a mu header amene amayendetsa zodulazi akadali pamalo pake mpaka lero.

Gawo loyamba ndi Identification, nambala ya ma bit 16 (ma bit 8 ndi byte imodzi) imene wotumiza amaika pa paketi iliyonse. Zidutswa zonse za paketi imodzi zimanyamula nambala yomweyo, kuti wolandira adziwe kuti ndi za pamodzi. Gawo lachiwiri ndi timbendera tiwiri. Kena ndi MF, kamene kamanena kuti zidutswa zina zikubwera m'mbuyo. Kenako ndi DF, kamene kamaletsa rauta kudula, ndipo kameneka tibwererako chifukwa nkhani yonse yagona pa iko. Gawo lachitatu ndi Fragment Offset, ya ma bit 13, yonena malo a chidutswacho m'paketi yoyambirira. Offset siwerenga byte imodziimodzi. Imawerenga magulu a ma byte 8, n'chifukwa chake chidutswa chilichonse, kupatula chomaliza, chimayenera kunyamula katundu wogawika ndi 8.

Tiyeni tidule imodzi tione. Paketi ya 1,500 yafika pa rauta imene njira yake yotulukira ndi ya 1,420, ndipo DF sinaikidwe. Header ndi 20, katundu ndi 1,480. Rauta ichotsa 20 pa 1,420, n'kutsala ndi malo a 1,400, amene mwamwayi amagawika ndi 8. Chidutswa choyamba chikhala ndi header yake ya 20 ndi katundu wa 1,400, offset 0, MF yoyatsidwa. Chachiwiri chikhala ndi header inanso ya 20 ndi katundu wotsala wa 80, chonse 100. Offset yake ndi 175, chifukwa 1,400 kugawa ndi 8 ndi 175, ndipo MF yazimitsidwa posonyeza kuti ichi ndicho chomaliza. Pa chidutswa chilichonse rauta iyenera kulembanso kutalika kwake ndi kuwerengeranso checksum, nambala yoonera ngati header yawonongeka panjira. Kutsogolo kukakhala njira ina yocheperanso, chidutswa cha 1,420 chija chidzadulidwanso, ndipo palibe rauta ya panjira imene ili ndi udindo wolumikiza zimene inzake yadula. Wolumikiza ndi wolandira womaliza yekha.

Anachita dala kuti zikhale choncho. Zidutswa za paketi imodzi zingathe kudzera njira zosiyana, ndiye rauta ya pakati ikanati izidikira kuti ilumikize, ikanadikira chidutswa chimene chadutsa kale kwina. Komanso rauta inapangidwa kuti iziiwala paketi ikangoiponya.

Aliyense amene anatumizapo chimanga pa njinga kuchokera ku msika wa Kapata angamvetse mtengo wa zimenezi. Thumba likalemera kuposa zimene njinga imodzi inganyamule, mumaligawa m'matumba awiri, lililonse kulimanga ndi kulilemba dzina, n'kulipereka kwa anyamata awiri. Wolandira sangapime kapena kulipira mpaka onse awiri atafika, ndipo wina akaboola tayala panjira, thumba limene lafikalo limangodya malo pakhonde. Kusiyana kwake n'kwakuti pa intaneti chidutswa chimene chafika chija chimatayidwa. Kompyuta ya Linux imadikira masekondi 30, ndipo zosowazo zikapanda kufika, imataya zonse zimene inasunga. IP ilibe njira yopempheranso chidutswa chimodzi chokha chimene chatayika. TCP imangoona kuti katundu wake sanafike, n'kutumizanso yense, ndipo rauta ija imamudulanso chimodzimodzi.

Kwa ife amene maofesi athu ambiri amadalira mawailesi a pa mapiri ndi ma SIM khadi, apa m'pamene pamawawa. Tinene kuti njira ina, nthawi ya mvula ya mu January, ikutaya paketi imodzi pa 100 iliyonse. Ngati paketi iliyonse yaikulu ikudulidwa pawiri, mwayi woti iwonongeke umafika pafupifupi 2 pa 100, chifukwa kutayika kwa chidutswa chilichonse mwa ziwirizo n'kutayika kwa yonse. Kachidutswa ka 100 kaja kangathe kugwetsa katundu wa 1,480. Ndipo TCP ikaona mapaketi akutayika imachepetsa liwiro lake, poganiza kuti njira yadzaza.

Rautayonso imavutika. Marauta akuluakulu ali ndi tizipangizo tapadera toponya mapaketi mamiliyoni pa sekondi, koma pa ambiri a iwo paketi yofunika kudulidwa imachotsedwa pa njira yachanguyo n'kuperekedwa kwa CPU, ubongo wa rautayo. Timarauta ta m'maofesi mwathu, timene CPU yake ndi yaing'ono kale, timayamba kupuma movutikira ngakhale layini isanadzaze.

Chinthu chimene chimasokoneza kwambiri ndi ichi: manambala a port, amene amasonyeza pulogalamu imene paketi ikupitako, amakhala mu header ya TCP kapena ya UDP (mnzake wa TCP amene satumizanso zotayika), ndipo header imeneyo imalowa m'chidutswa choyamba chokha. Zidutswa zotsatira zimangokhala ndi adiresi ndi Identification. Masiku ano pafupifupi aliyense ali kuseri kwa NAT, pa rauta ya m'nyumba ndiponso pa makina a makampani a mafoni, pamene anthu ambirimbiri amagawana adiresi imodzi. NAT imadziwa mwini wa paketi poona port. Firewall, mlonda wa pakhomo pa netiweki, nayonso imalola kapena kukana poona port. Chidutswa chachiwiri chikafika choyamba chisanafike, makinawa sadziwa kuti n'cha ndani. Ena amachisunga kudikira chinzake, ena amalumikiza paketi yonse kuti aiwerenge, ndipo ena ambiri amangotaya chilichonse chooneka ngati chidutswa. Palinso marauta amene amagawa mapaketi pa njira ziwiri poona ma port omwewo, moti chidutswa choyamba chimapita uku, chachiwiri uko.

Za nambala ya Identification ndingonena mwachidule. Ma bit 16 amapereka manambala 65,536 okha. Pa layini ya gigabit imodzi, mapaketi a 1,500 amatha kupitirira 80,000 pa sekondi, ndiye manambalawo amatha n'kuyambiranso sekondi isanakwane, pamene chidutswa chamasiye chikadali kudikira kwa masekondi 30. Chingathe kulumikizidwa ndi chidutswa cha paketi ina imene yangofanana nacho nambala. Achiwembu nawonso anazindikira msanga kuti ntchito yolumikiza ndi yosalimba. Ping of Death ya mu 1996 inkatumiza zidutswa zimene zikalumikizidwa zinkapitirira ma byte 65,535, amene ndiwo malire a paketi ya IPv4, ndipo makompyuta ankagwa. Teardrop ya mu 1997 inkatumiza zidutswa zokwerana dala. Mabowo amenewo anatsekedwa kalekale, koma mantha ake anatsalira m'mitu ya anthu oyang'anira ma firewall.

Akatswiri anaona mavutowa msanga. Mu 1987 Christopher Kent ndi Jeffrey Mogul analemba pepala lotchuka lotchedwa Fragmentation Considered Harmful, ndipo mu November 1990 Mogul yemweyo pamodzi ndi Steve Deering anatulutsa RFC 1191, yofotokoza Path MTU Discovery. Nzeru yake ndi yapafupi. Wotumiza aziika DF pa paketi iliyonse. Rauta imene singathe kuidutsitsa iziitaya, koma izibweza uthenga wa ICMP (njira imene makina amadziwitsirana za mavuto a panjira), wa mtundu 3 code 4, wonena kuti paketi yakula ndipo njira yake imalola ma byte akutiakuti. Wotumiza akalandira uthengawo amachepetsa n'kutumizanso. Paketi imodzi kapena ziwiri zimatayika poyamba, kenako zonse zimayenda zathunthu. Masiku ano Windows, Linux, Android ndi makina a Apple onse amachita zimenezi pa TCP popanda wina kuwauza.

IPv6, mtundu watsopano wa IP, inafika mpaka polanda marauta mpeni. Rauta ya IPv6 siidula paketi ya munthu wina, ayi. Imataya n'kubweza uthenga wa Packet Too Big, ndipo ngati kudula kukufunikadi, amadula ndi wotumiza mwini wake, n'kuikapo header yapadera ya ma byte 8 yokhala ndi Identification ya ma bit 32. Kuti zimenezi zitheke, analamula kuti njira iliyonse yonyamula IPv6 ikhale ndi MTU yosachepera 1,280.

Ine ndimagwirizana ndi njira imeneyi ndi mtima wonse. Rauta imene yakana n'kunena chifukwa chake yathandiza wotumiza kuposa imene yadula mwakachetechete. Koma dongosolo lonseli latsamira pa kauthenga kamodzi kaja ka ICMP. Kakapanda kufika, wotumiza samva kanthu. Amatumiza paketi yaikulu, kuli zii. Amadikira, n'kutumizanso yomweyo, kuli zii. Mapaketi ang'onoang'ono akudutsa, choncho kulumikizana kukuoneka kuti kuli moyo, koma katundu wamkulu sakufika. Amisiri vutoli amalitcha black hole, ndipo RFC 2923 inalifotokoza kale mu 2000. Chimene chimapha uthengawo nthawi zambiri ndi firewall imene mwini wake anatseka ICMP yonse, poganiza kuti ICMP ndi ping basi, kauthenga koyesera ngati makina akuyankha, ndipo ping ndi ya akuba.

Ndiye n'chifukwa chiyani zimagwera ife a m'maboma kuposa a ku likulu? Chifukwa ife timakhala kumapeto kwa ma tunnel. Nthambi ya kampani, ya bungwe kapena ya sitolo imene ili ku Sinda kapena ku Nyimba imafika pa seva ya ku Lusaka kudzera mu VPN, njira yachinsinsi yodutsa pa intaneti, ndipo VPN imakulunga paketi iliyonse m'paketi ina; njira yokulunga yotereyi ndiyo tunnel. Chokulungiracho chimadya malo. PPPoE, imene makampani ambiri amagwiritsa ntchito pa mizere ya fiber, imadya ma byte 8 n'kusiya 1,492. Pa mitundu ya tunnel, GRE imadya 24 n'kusiya 1,476. WireGuard imadya 60 ikamayenda pa IPv4 kapena 80 pa IPv6, n'chifukwa chake MTU yake yachizolowezi ndi 1,420. IPsec imadya mosiyanasiyana malinga ndi mmene yakonzedwera. Ngakhale mkati mwa netiweki ya mafoni, paketi yanu ikachoka pa tawa imakulungidwa mu GTP isanapitirire. Munthu wa ku likulu amakhala pa waya umodzi ndi seva, pa 1,500 yathunthu, ndipo kwa iye zonse zili bwino.

Chaka china m'nyengo yogula soya ndinaitanidwa ku depoti ina kunja kwa tauni, mbali ya msewu wa ku Chadiza. Sisitimu yawo yolembera makilo ndi kutulutsa malisiti inali pa seva ku Lusaka, ndipo depotiyo inkafikako kudzera mu WireGuard. Panja panali mzere wa ngolo ndi njinga, alimi atakhala pa matumba awo pa mthunzi, ena atanyamuka kwawo kusanache. Mkati, mayi wolemba anali atayamba kulemba pamanja m'kope.

"Mwana wanga, kulowa ikulowa bwino," anatero, "koma ndikati ndione mndandanda wa alimi, imangoima. Anthuwa akhala akundiyang'ana kuyambira m'mawa."

"Pepani Amayi, ndibwerekeniko mpando pang'ono."

Pa Windows muyeso wake ndi waufupi. Mumalemba ping -f -l 1472 kenako adiresi ya seva. Chilembo cha f chimaika DF, cha l chimanena kukula, ndipo timayambira pa 1,472 chifukwa ping imawonjezerapo ma byte 8 a ICMP ndi 20 a IP, zonse pamodzi 1,500. Pa Linux ndi ping -M do -s 1472. Yankho linabwera nthawi yomweyo kuchokera pa rauta ya m'depotimo, lonena kuti paketi ikufunika kudulidwa koma DF yaikidwa. Ndinatsitsa nambalayo pang'onopang'ono. Pa 1,393 inakana, pa 1,392 inadutsa. Kuwonjezerapo 28 ndi 1,420, MTU ya tunnel ija ndendende. Choncho mbali yathu uthenga wa ICMP unkafika, ndipo kompyuta ya Amayi aja inkadziwa kuchepetsa zimene ikutumiza. Nditayang'ana zimene zinkabwera kuchokera ku seva, ndinaona timapaketi tating'onoting'ono tokha. Akuluakulu sankatulukira n'komwe mu tunnel.

Ndinaimbira foni munthu wa makompyuta wa ku likulu lawo.

"Bwana, firewall imene ili kutsogolo kwa seva yanuyo, ICMP mumailola?"

"Iyayi, tinatseka yonse. Ndi nkhani ya chitetezo."

Chimene chinkachitika n'chakuti seva inkatumiza mapaketi a 1,500 okhala ndi DF. Rauta ya VPN ya ku likulu komweko inkawataya, monga mwa lamulo, n'kubweza uthenga woti achepetse kufika pa 1,420. Uthengawo unkafera pa firewall, mwina m'chipinda chomwecho chimene muli seva. Alimi a ku Chadiza ankakhala padzuwa chifukwa cha kauthenga kamene kankalephera kuyenda mamita ochepa mu Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera pamene anakhala.

Kusintha lamulo la firewall ya kampani kumafuna makalata ndi masiginecha, ndipo anthu panja paja sakanadikira zimenezo. Ndinachita zimene amisiri onse amachita, zotchedwa MSS clamping. TCP ikamayamba kulumikizana, mbali iliyonse imanena m'paketi yake yoyamba, ya SYN, kukula kwa katundu amene ingalandire, kumene kumatchedwa MSS. Kompyuta ya pa Ethernet imanena 1,460. Rauta ingathe kufufuta nambalayo paketi ikamadutsa n'kulembapo yocheperapo. Pa marauta a MikroTik zimachitikira mu mangle ndi change-mss, pa Linux ndi TCPMSS. Ndinaika 1,380, chifukwa 1,380 kuwonjezera ma header awiri a 20 ndi 1,420. Kuyambira pamenepo seva sinatumizenso paketi yoposa tunnel, ndipo sipanafunikenso kudula kapena ICMP. Amayi aja anadina, mndandanda unatseguka, iwo n'kuitana mlimi woyamba pawindo.

MSS clamping ndimaiika pa rauta iliyonse ya nthambi imene ili ndi tunnel, ndipo ndikulimbikitsa anzanga a ntchito imeneyi kuti azitero kuyambira tsiku loyamba, osadikira kuitanidwa. Komabe ndi chigamba. Rauta ikulowerera zokambirana za makompyuta awiri n'kusintha mawu a mmodzi, chifukwa wina wake watseka pakamwa pa uthenga umene unayenera kugwira ntchitoyo. Kwa anzathu amene amayang'anira ma firewall ku malikulu ndikupempha chinthu chimodzi. Ngati ping simukuifuna, tsekani ping yokhayo. ICMP ya mtundu 3 code 4 isiyeni idutse, ndipo pa IPv6 siyani Packet Too Big, imene RFC 4890 ya mu 2007 inaiika pa mndandanda wa mauthenga osayenera kutayidwa. Firewall yamakono imatha kuona ngati uthenga wotero ukukhudzadi kulumikizana kumene kulipo, chifukwa umabwera utanyamula header ya paketi imene yatayidwa ija. Kutseka zonse kumaoneka ngati kusamala, koma amene amalipira ndi kalaliki wa ku Lundazi amene bwana wake akumuyesa waulesi, ndi mlimi amene wabwerera kwawo wopanda lisiti. Ngati seva yanu ndi ya Linux, yatsaninso tcp_mtu_probing, imene imabwera yozimitsa. Imatsatira RFC 4821 ya mu 2007: TCP ikaona kuti mapaketi akuluakulu akungosowa, imayesa yokha ang'onoang'ono osadikira kuuzidwa.

Chigamba cha MSS chimagwira pa TCP yokha. UDP ilibe SYN yoti mufufute, ndipo zinthu zambiri zofunika zimayenda pa UDP. DNS, imene imasandutsa dzina la webusayiti kukhala adiresi, poyamba mayankho ake pa UDP sankapitirira ma byte 512. Kenako njira yowonjezera ya DNS yotchedwa EDNS inalola akuluakulu, maseva ambiri n'kuika 4,096, ndipo mayankho aatali, makamaka a DNSSEC, okhala ndi masiginecha achitetezo, anayamba kudulidwa n'kumasowa panjira. Pa DNS Flag Day ya mu 2020 opanga mapulogalamu a DNS anagwirizana zotsitsa nambalayo kufika pa 1,232, imene ndi 1,280 ya IPv6 kuchotsapo 40 ya header yake ndi 8 ya UDP. Yankho likaposa pamenepo limapemphedwanso pa TCP. QUIC, njira yatsopano yoyenda pa UDP, imene inalembedwa mu RFC 9000 mu 2021 ndipo ndiyo imanyamula mavidiyo ambiri a YouTube amene timaonera pa foni, inapangidwa kuti isadalire kudula n'komwe. Imafuna njira yotha kunyamula ma byte 1,200, ndipo ikapanda kuipeza, browser imabwerera ku TCP. Mu September 2020 IETF, bungwe lolemba malamulo a intaneti, inatulutsa RFC 8900, imene mfundo yake ndi yakuti kudula mapaketi n'kosadalirika ndipo opanga mapulogalamu atsopano asamakudalire.

Pali malo amodzi amene kudula kumabisalabe m'maofesi mwathu, ndipo ndi amene anthu ambiri saaona. Mukaika tunnel pa 1,420, mukuganiza kuti njira ya kunja, imene tunnel ikuyendamo, ndi ya 1,500 kapena pafupi. Njira yakunjayo ikakhala yocheperapo, paketi yokulungidwa ija, imene tsopano ndi UDP ya 1,480, ndiyo imadulidwa kapena kutayidwa. Mkati mwa tunnel zonse zimaoneka zolondola, ping ya 1,392 mwinanso n'kumadutsa, koma fayilo ikuyenda ngati kamba ndipo CPU ya rauta ili m'mwamba. Zimaonekera kwambiri tsopano pamene maofesi ambiri ali ndi njira ziwiri kapena zitatu: fiber ya PPPoE, SIM khadi yothandizira fiber ikaduka, ndipo kuyambira pamene Starlink inayamba kugwira ntchito m'Zambia mu 2023, ena ali ndi mbale padenga. Njira zimenezi MTU yake siikhala yofanana nthawi zonse. Ofesi imayenda bwino miyezi ingapo, tsiku limene magetsi azima kapena waya wadulidwa ndi okumba ngalande rauta n'kusamukira pa SIM, vuto lija n'kudzuka, ndipo aliyense amaloza chala kampani ya foni.

Choncho ndikamaika rauta ya njira ziwiri ndimayeza njira iliyonse payokha, tunnel itazimitsidwa, ndi ping ya DF yolunjika ku adiresi ya kunja ya rauta ya ku likulu. Ndimatenga nambala yaing'ono pa zonsezo, n'kuwonjezerapo 28 ija ya ping, kenako n'kuchotsapo 60 ngati tunnel ya WireGuard ikuyenda pa IPv4 kapena 80 ngati ili pa IPv6, ndipo yotsalayo ndiyo MTU ya tunnel mbali zonse ziwiri. MSS ndimaitsitsa ndi 40 kuchokera pamenepo, kapena ndi 60 ngati mkatimo mukuyenda IPv6, ndipo pamenepo ndimaonetsetsanso kuti MTU ya tunnel isatsike kupitirira 1,280. Ofesi ikasintha kampani ya intaneti kapena kuika SIM ina, muyeso umayambiranso.